Thandizeni: waranti ya zaka 20 pa denga la amayi ku Mufakose ndiikhulupirire?

Mwini funso

Akuluakulu a pagulu pano, ndabwera ndi funso. Ndi lalitali, mundipirire.

Nyumba ya amayi ku Mufakose, mu Harare, tikufuna tichotse denga la asibesitosi lakalekale lija tikhome malata mvula isanayambe. Ndi nyumba zija za khonsolo, ndiye malemu bambo anawonjezera zipinda ziwiri kumbuyo. Pamene denga lakale likukumana ndi lowonjezeralo ndi pamene pamadontha koopsa. Ndalama zambiri akutumiza ndi achimwene anga a ku Cape Town, koma woyenda ndi amisiri ndine, ndiye zikalakwika chala chidzaloza ine.

Ndili ndi makotesheni atatu. Yoyamba ndi ya kampani yokhala ndi ofesi komanso galimoto yolembedwa dzina, US$6,400. Pansi pa pepala alemba kamzere kamodzi koti waranti ndi ya zaka 20, basi, osafotokoza china. Yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku mpingo kwathu, US$4,300, zipangizo akagula okha. Za waranti anangoseka nkuti "Mwana wanga, likadontha udzangondiimbira, ndithawira kuti?" Yachitatu ndi ya kakampani kakang'ono, US$5,500. Iwowa alemba kuti ntchito yawo akuitsimikizira miyezi 12 yokha, za malata ndi za amene anawapanga. Akufuna 70% tisanayambe.

Achimwene akuti titenge a zaka 20, poti 20 ndi miyezi 12 nzosayerekezeka. Amayi akufuna bambo a ku mpingo. Ine mtima wanga sukukhazikika. Zaka 20 zimenezi zimaphimba chiyani kwenikweni? Likadontha chaka chachitatu abwera kudzakonza ulere? Komanso chaka chamawa tikufuna kuika sola padengapo, kodi sizisokoneza?

Kalipentala wa ku Glen View

Achemwali, ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndiye ndilankhula mosabisa ngakhale anzanga akwiye. Pa denga pamakhala mawaranti awiri, ndipo amene alemba kamzere kamodziwo awaphatikiza dala kuti muone nambala yaikulu.

Yoyamba ndi ya fakitale imene inapanga chitsulocho. Imeneyo ndiyo imafika zaka 10, 15, 20. Koma imalonjeza zinthu zochepa kwambiri: kuti dzimbiri silidzaboola lata, ndi kuti penti sidzasupuka kapena kusuluka kupyola muyezo wina. Za kudontha mulibemo. Yachiwiri ndi ya wokhoma, yonena kuti ntchito ya manja ake ndi yabwino. Imeneyi kawirikawiri imakhala yaifupi, chaka chimodzi kapena ziwiri.

Tsono funsani aliyense amene anakwerapo padenga: denga latsopano likadontha, vuto silikhala lata. Madzi amalowera pa sikuluwu yomangitsa kwambiri mpaka kalabala kake kanaphwanyika, pa sikuluwu yophonya thabwa, pa riji (pamsonga pa denga), pamene malata sanapitirirane mokwanira, kapena pamene denga likumana ndi khoma. Kwanuko malo ovuta mwawatchula kale, pokumana denga lakale ndi la kumbuyo. Pamenepo pakadontha chaka chachitatu, a fakitale adzakuuzani kuti lata lathu lilibe bowo, kaonaneni ndi amene anakhoma. Ndipo adzakhala akunena zoona.

Choncho bwererani kwa a US$6,400 aja muwafunse: zaka 20 ndi za chiyani, ndipo akupereka ndani? Ayankhe polemba.

Mwini funso

Zikomo bambo. Ndiye kuti a miyezi 12 aja sakundipatsa zochepa, angonena poyera?

Kalipentala wa ku Glen View

Mwina. Sindikuwadziwa, ndiye sindingawayamikire. Koma pepala lawo likunena zimene angakwanitse. Miyezi 12 nayonso muiwerenge bwino. Mvula yathu kuno imayamba cha mu Novembala kufika Malichi. Mukakhoma mu Okutobala, dzinja limodzi lokha ndi limene lili mkati. Apempheni miyezi 24, kapena alembe kuti madzinja awiri athunthu.

Mayi wa ku Mabvuku

Achemwali anga, mverani zimene wanena bamboyu. Ife anatikhomera denga ndi kampani ina yokhala ndi mayunifolomu okongola, waranti zaka 15 yodindidwa ndi chidindo. Dzinja lachiwiri siling'i ya kuchipinda chochezera inatupa nkuda bii, madzi akutsika ndi waya wa getsi. Tikuimba foni, nambala siikupezeka. Amuna anga anapita ku ofesi kuja, anapeza mukugulitsidwa matayala. Pepalalo ndikadali nalo mu Baibulo, loyera bwinobwino.

Funsani kuti kampaniyo yakhala zaka zingati. Kampani ya zaka ziwiri ikulonjeza zaka 20, ikudalira chiyani?

Mnyamata wa ku Epworth

Kkkkk waranti mu Harare muno? Anthu inu mumakhala dziko liti? Tengani a 4,300 otsalawo mugule mbuzi.

Mayi wa ku Mabvuku

Iwe, anthu akukamba za ndalama za thukuta. Ukadzamanga yako udzaseka bwino.

Wogwira ntchito za zomangamanga, Avondale

Pepani ndilemba zambiri. Ndimayang'anira mapangano a zomangamanga ku ntchito kwathu, ndipo mapepala a waranti ndawerengapo ambiri.

Choyamba, kamzere ka pa kotesheni si waranti. Waranti yeniyeni ya fakitale imakhala pepala lakelake, nthawi zina masamba awiri atatu, ndipo mbali yaikulu ndi ya zimene sadzalipira. Mulipemphe musanapereke ndalama. Munthu amene akugulitsadi malata a kampani yodziwika savutika kulipeza.

Chachiwiri, pa kotesheni payenera kulembedwa kuti malatawo ndi ati. Mawu oti IBR amangonena kapindidwe ka lata, sanena za chitsulo chake. Muyenera kuona kukhuthala kwake, kaya ndi 0.4 mm, 0.47 kapena 0.5, ndipo mufunse ngati muyezowo ndi wa chitsulo chokha kapena aphatikiza ndi penti. Muyeneranso kuona zimene anakutira chitsulocho kuti chisachite dzimbiri. Mukaona Z275 ndiye kuti ndi zinki wolemera magalamu 275 pa sikweya mita, kuphatikiza mbali zonse ziwiri. AZ150 ndi zinki wosakaniza ndi aluminiyamu, magalamu 150. Nambala ikachepa, chitetezo chachepanso. Apa ndi pamene mtengo umabisala. Makotesheni awiri akhoza kusiyana ndi madola 1,000 chifukwa wina akukupatsani 0.3 mm amene mukaponda amapindika.

Chenjeraninso ndi dzina loti Chromadek. Limeneli ndi dzina la chitsulo chopentedwa cha ArcelorMittal South Africa, koma mumsika lata lililonse lamtundu anthu amalitchula choncho. Malata a makampani odziwika amakhala ndi zolemba zodindidwa kunsi kwake. Tsiku limene malata afika, tembenuzani limodzi, werengani, jambulani ndi foni. Akakwera padenga ndi kuika siling'i simudzazionanso.

Chachitatu, funsani kuti chikalakwika adzachita chiyani. Mawaranti ambiri amachepa mphamvu chaka ndi chaka. Tinene kuti ndi ya zaka 20 ndipo lata labooka chaka cha 15, akhoza kukupatsani gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wake. Ambirinso amapereka lata lokha. Wochotsa lakale, wokhoma latsopano, galimoto yonyamula, siling'i yoonongeka, mipando yonyowa, zonsezo ndi zanu.

Ndiye pali nkhani ya kwathu kuno imene a ku Cape Town sangaiganize. Taonani zaka 20 zapitazi: dola ya Zimbabwe inagwa, 2009 tinayamba madola a America, 2016 kunabwera ma bond note, 2019 RTGS, Epulo 2024 ZiG, iliyonse ndalama yatsopano. Ena mukukumbukira kuti mu 2019 lamulo linasandutsa ngongole zambiri za madola a America kukhala za RTGS, imodzi kwa imodzi. Pepala lonena kuti tidzakubwezerani ndalama, zaka zikubwerazi lidzatanthauza ndalama iti? Ine ndimakonda lonena kuti adzabwera kudzakonza kapena kudzasintha malata, ndi manja awo ndi zipangizo zawo, pasanathe masiku akutiakuti mutawadziwitsa.

Mwini funso

Eee, za ndalamazi sindinaziganizeko mpang'ono pomwe. Ndawatumizira achimwene zonsezi. Nanga za sola?

Wogwira ntchito za zomangamanga, Avondale

Sola ndi malo amene mawaranti ambiri amafera. Munthu wina akangokwera nkuboola denga, kaya ndi wa sola, wa giza kapena wa dishi ya DStv, wokhoma uja amapeza pothawira: amene anadonthetsa ndi anthu anu aja. Njira yake ndi kumuuza lero lomwe kuti sola ikubwera. Alembe m'pangano kuti akudziwa, ndipo tsiku loika sola iye adzakhalepo kapena adzabwere kudzaona pambuyo pake. Zithandizanso kuti aike matabwa okwanira kulemera kwake. Ngati mungathe, zitsulo zogwirira sola zimangidwe nthawi yomweyo akukhoma malata.

Kalipentala wa ku Glen View

Ndionjezere zimene zimapha waranti ya fakitale, chifukwa zambiri zimachitika tsiku lokhoma mwini nyumba ali chiimire pansi akuonerera.

Chachikulu ndi gulayinda. Anyamata ambiri amadula malata ndi gulayinda chifukwa nchachangu. Moto wake umaotcha zokutira za m'mphepete, ndipo tizitsulo totentha timathethekera pa lata nkumatirira pa penti. Mvula yoyamba ikagwa mumaona timadontho tofiira denga lonse ngati wina wawaza dothi. Opanga malata amafuna kuti adulidwe ndi sizasi ya malata kapena makina osatentha, ndipo madzulo alionse denga lisesedwe kuchotsa tizitsulo ta pobowola. Mukamva gulayinda ikulira padenga panu, imitsani ntchito.

China ndi masikuluwu. Lata labwino ndi sikuluwu yotchipa, dzimbiri limayambira pa sikuluwu nkutsika. Labala wake akhale wopirira dzuwa, chifukwa dzuwa la kuno limauma labala wachabe msanga. Palinso simenti yaiwisi: omanga akamamata khoma nkugwetsera pa malata a aluminiyamu ndi zinki aja, amadyeka. Chimodzimodzi madzi ochokera m'paipi ya kopa ya giza akamagwera padenga. Kupendekeka kwa denga nakonso kumawerengedwa. IBR imalola denga logona kuposa malata wamba a mizeremizere, koma nayo ili ndi malire ake, ndipo zipinda zowonjezera za kumalokeshoni kuno zambiri denga lake limakhala logona kwambiri. Amene wakupatsani kotesheni asanakwere kukayeza kumbuyoko, wangolota mtengo.

Mwini funso

Mwa atatuwa amene anakwera padenga ndi bambo a ku mpingo okha. A zaka 20 anayeza ali pansi.

Gogo wa ku Highfield

Mwana wanga, bambo a ku mpingowo musawataye msanga. Ife nyumba yathu anafolera ndi munthu wa kwathu ku Dedza amene tinkapemphera naye, analibe pepala lililonse, koma kukadontha ankabwera ndi makwerero ake mmawa. Kampani ikatseka simudziwa kumene mwini wake amagona. Uyu mumakumana naye Lamulungu lililonse, manyazi amamugwira.

Mayi wa ku Mabvuku

Agogo, nzoona, koma manyazi omwewo amagwiranso ife. Denga likadontha mudzakawakumbutsa bwanji akulu a mpingo pakhomo la tchalitchi? Amayi adzangoti asiye mwana wanga, tisayambane ndi anthu, nkutchera ndowa.

Gogo wa ku Highfield

Apo wanena. Ndiye alembe. Kulemba sikunyoza munthu.

Wophunzira zamalamulo, Mount Pleasant

Sindine loya, ndikadali pa sukulu, koma nazi zochepa. Pangano la pakamwa limagwira ntchito, vuto ndi umboni. Ngakhale uthenga wa pa WhatsApp umene mmisiri wavomera kuti likadontha mkati mwa madzinja awiri adzakonza ulere uli bwino kuposa kanthu kosalembedwa. Koma chabwino ndi pepala losainidwa ndi onse awiri, lokhala ndi dzina lonse, nambala ya chitupa ndi kumene amakhala.

Ngati ndi kampani, pemphani satifiketi yosonyeza kuti inalembetsedwa, pepala la mayina a madayirekita, ndi ITF263, pepala losonyeza kuti za msonkho ali bwino, lochokera ku ZIMRA, bungwe lotolera misonkho. Dzina la pa mapepalawo lifanane ndi la pa kotesheni komanso la akaunti imene mukulipirako. Zimachitika kuti kotesheni ili m'dzina la kampani koma ndalama ya pa foni ya EcoCash ikupita kwa munthu wina, ndiye tsiku la mlandu kampani imati sitinalandire kanthu. Mukhozanso kufunsa ngati ali mamembala a CIFOZ kapena ZBCA, mabungwe a makontilakitala, ngakhale amisiri abwino ambiri ang'onoang'ono sali kumeneko.

Zikavuta, kuli lamulo loteteza ogula la 2019, Consumer Protection Act, ndi Consumer Protection Commission imene imalandira madandaulo. Kulinso Consumer Council of Zimbabwe. Milandu ya ndalama zochepa imapita ku Small Claims Court, ku khoti la majisitireti, ndipo kalaliki wa kumeneko akuuzani malire a ndalama. Musachedwe nazo: ngongole wamba imatha mphamvu pakapita zaka zitatu. Vuto mukaliona, jambulani ndi kulemba uthenga tsiku lomwelo.

Mufunsenso ngati waranti imapitirira nyumba ikasintha mwini. Ina imathera pa amene anagula. Poti nyumba ndi ya amayi koma olipira ndinu, ganizirani dzina loti lilembedwe pa malisiti.

Bambo wa ku Dzivarasekwa

Zamakhotizo nzabwino kuzidziwa koma mudzatopa nazo. Ine ndinaphunzira kwa abwana anga akale: waranti imene imagwira ntchito ndi ndalama imene simunapereke. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Gwirizanani kuti 10% ya ndalama ya ntchito mudzapereka mvula ikagwa yokwanira, tinene kumapeto kwa Januwale, mutaona kuti mulibe dontho. Pa zomanga zikuluzikulu amachita zomwezo, amasunga kagawo mpaka nthawi yoona zolakwika itatha. Mmisiri wodzidalira sakana. Wokana mwamudziwiratu.

Ndipo 70% ija musapereke m'manja. Ngati akuti ndi ya zipangizo, pitani nawo limodzi kogula, mulipire nokha, invoisi ituluke m'dzina lanu. Mukatero waranti ya fakitale ili m'manja mwanu ngakhale wokhomayo atasamukira ku Joni. Izi zikukhudzanso bambo a ku mpingo amene akuti akagula okha. Sindikuti ndi akuba ayi. Koma akakagula malata opanda zolemba kuti mtengo utsike, opanda lisiti, mudzadandaula kwa ndani?

Mnyamata wa ku Epworth

Koma zoona, matalala akaboola amalipira ndani? Chaka china kwathu anaswa mawindo.

Wogwira ntchito za zomangamanga, Avondale

Palibe waranti imene ndinaiona yolipira matalala, mphepo yamkuntho, mtengo wogwera denga kapena moto. Imeneyo ndi ntchito ya inshuwalansi ya nyumba. Koma denga likasasuka ndi mphepo wamba pomwe a nyumba zoyandikana ali bwinobwino, pamenepo funso limabwerera kwa wokhoma: anamangirira bwanji matabwa ku khoma, masikuluwu anaika angati m'mphepete?

Mayi wa ku Kuwadzana

Palibe amene wanena za asibesitosi mukuchotsayo. Chonde asaswe kapena kudula ndi makina, fumbi lake limaononga mapapo. Azinyowetsa, azitsitsa athunthu, avale zotseka pakamwa, ndipo amayi ndi ana asakhale m'nyumbamo tsikulo. Pa kotesheni palembedwe kuti wochotsa ndi kukataya ndani. Ena amakusiyirani mulu pabwalo. Komanso ayang'ane matabwa akale ngati chiswe sichinalowe, chifukwa akakhoma pa matabwa ofumbwa adzanena kuti waranti siikhudza matabwa amene anawapeza.

Woyang'anira gulu

Ndachotsa ndemanga zinayi za anthu oika manambala a foni ndi kutsatsa makampani awo. Malonda ndi Lachisanu. Komanso musatchule mayina a makampani amene munayambana nawo, tumizani kwa ine.

Mwini funso

Abale, ndabweranso. Ndinawalembera onse atatu mafunso ofanana.

A zaka 20 anayankha kuti zakazo ndi za malata. Nditafunsa za ntchito yawo anati miyezi 6. Nditapempha pepala la fakitale anati atumiza, mpaka pano zii. Kukhuthala kwa malata akuti 0.4 mm, za Z kapena AZ sanayankhe. Achimwene atawerenga anangotumiza kankhope kodabwa, za 20 zija sakuzitchulanso.

A miyezi 12 anabwera dzulo, anakwera padenga, ndipo anapeza kuti kumbuyo kuja denga ndi logona kwambiri, pafunika kukweza khoma mizere iwiri ya njerwa. Mtengo wakwera ndi US$350. Avomera kuti malata tikagule limodzi. Madzinja awiri avomera, koma pa 10% akuti 5% basi, ndipo ya ndalama ya ntchito yokha.

Bambo a ku mpingo ndi amene andidabwitsa. Ndinkaopa kuti akhumudwa, koma anati nawonso amakonda zolemba chifukwa anthu ena amawanamizira zinthu zimene sanalonjeze. Za kukweza khoma anali atanena kale tsiku loyamba, ine ndi amene sindinamvetse. Avomera 10%. Vuto ndi loti malata amene anawerengera pa 4,300 ndi a 0.3 mm, ndiye tikasintha kukhala okhuthala mtengo wawo ufika pafupi ndi 5,200. Komanso amadula ndi gulayinda, akuti sizasi ya malata alibe.

Tsopano ndatsala ndi awiri, osiyana ndi madola ngati 650. Bambo a ku Glen View, sizasi imeneyi ikhoza kudula IBR ya 0.47 denga lonse, kapena pafunika makina? Ngati ndi yotsika mtengo ndikhoza kuwagulira ine.

Kalipentala wa ku Glen View

Ikhoza, koma manja amatopa. Chosavuta ndi ichi: IBR amaipinda pa makina nkuidula pa muyezo umene mwapempha, ndiye ayeze bwino denga, muitanitse malata odulidwa kale. Akatero podula pamatsala pochepa, pa makona ndi pokumana madenga paja basi, ndipo pamenepo sizasi ikwanira. Gulani ziwiri, yodulira kumanja ndi yodulira kumanzere, mupeza m'mahadiweya a m'tauni. Muwafunsenso kuti pokumana madengapo aika chitsulo chotani kunsi, ndipo chikhala chotambalala bwanji. Akayankha mundiuze.